PHUNZIRO 23: CHUMA CHA MWINI M'MANJA MWA WANTCHITO

Kuwerenga: Genesis 31:36-49 ndi Eksodo 22:10-15
Vesi loloweza pamtima: Luka 16:10
Cholinga: Kuti ana aone kuti Mulungu amayang'ana umo tisungira chinthu cha mwini pamene mwiniyo ali kutali, ndiponso umo mwini achitira ndi munthu amene wamuonongera chinthu.

KWA INU APHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, phunziro ili ndi la ana okulirapo, a zaka 10 mpaka 15. Muliwerenge lonse pakati pa sabata, osati Loweruka usiku tulo titayamba kale ai. Muwerengenso Genesis 30 ndi 31 yense, kuti mwana akakufunsani za Labani musayang'ane kudenga.

Ku koleji ya aphunzitsi anatiphunzitsa kuti mwana timayamba naye pa chimene akuchidziwa, ndi kupita naye ku chimene sachidziwa. Ana athu sanaonepo mbusa wa nkhosa wa ku Harana, koma lole amaidziwa. Ena amaidziwa ndi kulira kwake ikadali kuseri kwa phiri. Ena amaumba malole a dothi ndi kupanga a mawaya. Chifukwa chake lero tiyamba ndi lole, mwini wake ndi dalaivala wake, kenaka tipite kwa Yakobo ndi Labani.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. M'kalasi mwanu mungathe kukhala mwana wa dalaivala, amene atate ake achoka sabata zitatu zapitazo ndipo sadziwa tsiku lobwera. Mungathenso kukhala mwana wa mwini malole. Musatchule dzina la munthu aliyense wa m'mudzi kapena wa mumpingo. Musalankhule ngati kuti madalaivala onse ndi akuba, pakuti si zoona, ndipo mwana sadzaiwala kuti atate ake ananyozedwa m'nyumba ya Mulungu anzake akuseka.

LOLE NDI DZIKO LATHU

Dziko la Malawi lilibe doko pa nyanja yamchere. Feteleza, mafuta a galimoto, mchere ndi katundu wina wambiri amatsikira ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, kapena ku Durban ku South Africa. Wambiri mwa katunduyo amafika kuno pa malole, polowera pa zipata monga Mwanza, Dedza ndi Songwe. Fodya wa ku Kanengo, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa, nazonso zimayenda pa malole. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, malole ankadutsa ku Tete ali pa mdipiti, asilikali akuwaperekeza, ndipo madalaivala ena anatsikira kumanda pa msewu umenewo mtendere usanabwere mu 1992. Auzeni ana zimenezi mwachidule, kuti ayambe ndi ulemu pa ntchito ya dalaivala.

Tsono taganizani za mwini lole. Kawirikawiri waigula ndi ngongole. Amaipereka m'manja mwa munthu wina pamodzi ndi makiyi, mafuta odzaza thanki, ndi katundu wa eni ake. Lole ikangokhota pa ngodya, iye saionanso. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita opitirira 1,500. Pa mtunda wonsewo dalaivala ali yekha ndi chuma chimene malipiro ake a zaka zambiri sangathe kuchigula.

Lole imaonongeka mwa njira ziwiri. Ina ndi ya msewu ndi ukalamba: maenje, fumbi, chitsulo chimene chatha nthawi yake. Ina ndi ya dzanja la woyendetsa, ndipo iyi ndiyo tifuna kuiyang'ana bwino.

Zimayambira m'mawa. Dalaivala wosamala asanalize injini amasolola kachitsulo koyezera oyilo, nayang'ana madzi, nazungulira lole yonse kugogoda matayala ndi kuona ngati manati a magudumu ali olimba. Ntchito imeneyi siitenga nthawi yoposa ya kudya phala. Waulesi amangokwera ndi kuliza. Injini ikasowa oyilo zitsulo zake zimakhulana zouma, zimatentha mpaka kugwirana, ndipo imaima osatembenukanso. Ikasowa madzi imawira, mutu wake nkupindika. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika poyenda, limatentha, kenaka limaphulika.

Koma pamene dalaivala amadziwika kwenikweni ndi pa mtsetse. Amene mwayendapo pa msewu wa M1 kumpoto mukudziwa phiri la Chiweta m'boma la Rumphi, pomwe msewu umatsika mokhotakhota kupita kunyanja. A kummwera mukudziwa mtsetse wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Madalaivala akale amaphunzitsa kuti giya imene ungakwerere phiri ndi yomweyo uyenera kutsikira, pakuti injini ndiyo imagwira lole yolemera, mabuleki amangothandiza. Koma alipo ena amene amachotsa giya kuti lole izingotsetsereka yokha, ati apulumutse mafuta. Pamenepo katundu yense, matani 30 kapena kuposerapo, watsamira pa mabuleki okha. Mabuleki amatentha, amayamba kununkha, ndipo akatentha kwambiri amaleka kugwira ngakhale munthu aponde chotani. Apa sitikunenanso za chitsulo chokha ai. Pansi pa phiri pali anthu oyenda pansi, a pa njinga, ndi amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu.

Nanga mafuta opulumutsidwawo apita kuti? Ena amawapopa ndi paipi usiku ndi kuwagulitsa m'zigubu. Kuti mwini asazindikire, ena amathiramo parafini, amene alibe kuterera kumene pampu ya dizilo imafuna, kotero kuti pampuyo imaperepeseka msanga. Ena amagulitsa tayala latsopano ndi kuikapo lakutha. Ena amaonjezera katundu wao pamwamba pa katundu wa bwana, kapena kunyamula matola, mpaka masipiring'i kuthyoka, kapena lole kugwidwa pa sikelo ya ku Balaka chifukwa cholemera kopitirira. Mukawafunsa, yankho lake limakhala limodzi: "Ndi za abwana izi, ali nazo ndalama." Mau amenewa muwalembe pa bolodi. Ana anu anawamvapo, mwina anawanenapo okha za desiki ya kusukulu kapena za mpope wa pamudzi.

YAKOBO ANAWETA ZA MWINI

Tsopano tsegulani Genesis 31. Yakobo anakhala kwa Labani, mlongo wa amai ake, zaka 20: zaka 14 anagwirira ana aakazi awiri, Leya ndi Rakele, ndipo zaka 6 anagwirira zoweta. Nkhosa ndi mbuzi zinali chuma cha Labani monga lole ili chuma cha mwini wake. Ndipo taonani Genesis 30:36: pa nthawi ina panali ulendo wa masiku atatu pakati pa Labani ndi Yakobo. Mwini anali kutali. Yakobo akanafuna kupha nkhosa yamphongo ndi kuiotcha kuthengo, ndani akanamuona?

Potsiriza Yakobo anathawa ndi banja lake. Labani anamulondola masiku 7 nampeza ku mapiri a Gileadi, nafunafuna m'mahema onse. Pamenepo Yakobo anapsa mtima, nayamba kuwerengera ntchito yake. Muwerenge mavesi 38 mpaka 41 pang'onopang'ono, ndipo ana atchule okha zimene akumva. Adzapeza kuti zoweta sizinapoloze m'manja mwake. Adzapeza kuti sanadye nkhosa zamphongo za Labani. Adzapeza kuti chilombo chikajiwa choweta, iye ndiye ankalipira. Adzapeza dzuwa la usana, chisanu cha usiku ndi kusowa tulo. Mwana wa dalaivala adzazindikira msanga vesi 40, pakuti atate ake nawo amagona m'lole pa chipata, kudikira mapepala, khutu lili kunja kuopa akuba.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi, kuti Yakobo anatha kunena zonsezi pamaso pa mwini ndi pamaso pa abale, ndipo Labani sanatsutse ngakhale chimodzi. Anangoyankha kuti ana ndi zoweta zonse ndi zake. Zaka 20 za ntchito zinali poyera, ndipo panalibe nkhosa imodzi yoti nkumuloza nayo chala.

Musamuyeretse Yakobo kopitirira. Anachoka mozemba osatsazika, ndipo Rakele anaba timilungu ta atate ake, ngakhale Yakobo sanadziwe. Ana okulirapo amene awerenga mutu 27 akudziwa kuti munthu ameneyu ananyengapo atate ake. Baibulo silibisa zimenezi, ndipo ifenso tisabise. Koma pa ntchito yoweta za mwini anali wokhulupirika, ndipo anakhulupirika kwa bwana woipa. Vesi 41 likutiuza kuti Labani anasintha malipiro ake kakhumi. Apa pali phunziro lolimba kwa wantchito aliyense: kuipa kwa bwana sikupereka chilolezo choononga chuma chake. Yakobo anadandaula poyera, ndipo potsiriza anachoka, koma sanalange Labani pozunza nkhosa.

Ndipo pali phunziro lolimba kwa bwana. Labani anataya mbusa wabwino koposa onse, amene iye mwini anavomereza pa Genesis 30:27 kuti anamubweretsera dalitso. Anamutaya chifukwa cha umbombo.

LAMULO LOSIYANITSA

Labani ankalipiritsa Yakobo chilichonse chotayika, osafunsa kuti chatayika bwanji. Lamulo la Mose, limene linadza pambuyo pake, silinalole zotere. Pa Eksodo 22:10-15 pali milandu ya munthu amene wasunga kapena kubwereka bulu, ng'ombe kapena nkhosa ya mnzake, ndipo mlandu uliwonse uli ndi chigamulo chakechake. Choweta chikafa kapena kupweteka popanda wochiona, wosungayo alumbire pamaso pa Yehova kuti sanaikepo dzanja, ndipo mwini avomereze, asalipitse. Chikabedwa m'manja mwake, alipire, pakuti anayenera kulonda. Chikajiwa ndi chilombo, abweretse chotsalacho chikhale umboni, ndipo asalipire. Mneneri Amosi, amene anali woweta, anafanizira za mbusa wolanditsa miyendo iwiri kapena kachidutswa ka khutu m'kamwa mwa mkango (Amosi 3:12). Ngakhale malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babulo, amene analembedwa pafupifupi zaka 1,750 Khristu asanabadwe, ananena kuti mkango ukapha choweta m'khola, mbusa adziyeretse ndi lumbiro ndipo kutayako kukhale kwa mwini. Motero Labani anali wouma mtima ngakhale pomuyesa ndi mwambo wa anthu osadziwa Yehova.

Mwaona tsono kuti Mulungu sanena kuti chilichonse choonongeka alipire wantchito. Sanenanso kuti wantchito asalipire konse. Akuti funsani, onani umboni, siyanitsani ngozi ndi kusasamala. Makolo athu ananena zomwezo pa mwambi uja wakuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga.

Lole nayo ili ndi khutu lake la nkhosa. Makaniko wodziwa ntchito akamasula, chitsulo chimanena zoona. Mabuleki opsa ndi kutentha amasintha mtundu. Kilatchi imene munthu ankayenda ataitsamiza phazi imatha nthawi yake isanakwane. Tayala lobayidwa ndi chitsulo cha pa msewu limaoneka mosiyana ndi loyenda lopanda mpweya. Chifukwa chake dalaivala wanzeru sataya tayala lophulika kuthengo, amabwera nalo. Ndipo mwini wanzeru amayamba wamva makaniko asanatsegule pakamwa.

MLANDU UMENE NDINAKHALAPO

Zaka zapitazo ine ndi mkulu wa mpingo mnzanga tinaitanidwa kukayanjanitsa Akhristu awiri a mpingo umodzi. Wina anali ndi malole atatu onyamula chimanga, feteleza ndi fodya. Winayo anali dalaivala wake, bambo wa ana anayi. Injini ya lole ina inagwirana pa ulendo, katundu anagona pa msewu masiku awiri, ndipo mtengo wokonzera unali woopsa. Mwini anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, nakana kumpatsa malipiro. Akazi awo analeka kupatsana moni pa khomo la tchalitchi, ndipo Mgonero unali pafupi.

Mwini ndiye anayamba. "Akuluakulu, munthu uyu wandipha. Makaniko akuti munalibe ndi dontho la oyilo lomwe. Nyali yofiira inayaka, iye anangopitirira."

Tinamufunsa dalaivala ngati zinali choncho. Anakhala chete kanthawi, nati, "Inde, inayaka. Ndinati ndikafike kaye pa tauni yotsatira." Tinafunsa chifukwa chake sanaime pomwepo. Pamenepo zinatuluka kuti anali atanyamula anthu a matola amene anamulipira kale, ndipo anaopa kuwasiya pa tchire.

Mwini anadzuka pa mpando ngati wapambana. Koma mnzanga uja, munthu wofatsa amene anagwirapo ntchito ku galaja, anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga oyiloyo anatuluka bwanji?" Dalaivala anati, "Bwana, kodi sindinakuuzeni kawiri konse kuti pansi pakudontha? Munati tikonza ukabwerako ulendo uno." Mwini sanakane. Kenaka tinamvanso kuti malipiro anali atachedwa miyezi iwiri, ndi kuti ndalama ya chakudya cha pa ulendo inkaperekedwa yoperewera.

Ine ndinaona Labani ndi Yakobo tsiku limenelo, koma Yakobo wake sanathe kunena mau a pa vesi 38. Dalaivala analakwa ndithu. Njala siiletsa munthu kuima nyali yofiira ikayaka, ndipo matola anali kuba ngakhale tiwatche dzina lina. Komanso mwini anatumiza lole yodontha pa ulendo akudziwa, ndipo anasunga malipiro a wantchito, chinthu chimene Deuteronomo 24:14-15 ndi Yakobo 5:4 amachiletsa ndi mau oopsa. Tinagwirizana kuti malipiro onse aperekedwe, ndipo dalaivala abwezeko gawo laling'ono la mtengo wokonzera, pang'onopang'ono, mwa chifuniro chake. Anabwerera pa ntchito. Sindinganene kuti anakhala abwenzi. Patapita chaka dalaivala anapeza ntchito kwina, koma anatsazika bwino, ndipo onse awiri anadya Mgonero uja.

Chimene chinasintha kwa mwini ndi kabuku. Anaika kope m'lole iliyonse, momwe dalaivala amalembamo mafuta amene wathira, mtunda umene wayenda ndi chilichonse chimene wachiona cholakwika, ndipo mwini amasaina kuti waona. Kuyambira pamenepo mau akuti "ndinakuuzani" ndi akuti "sunandiuze" anatha.

MWINI ACHITE CHIYANI?

Ana ena adzakula nkudzalemba anthu ntchito, kaya woyendetsa lole, minibasi, njinga ya kabaza kapena ngolo. Ndi bwino amve tsopano.

Mwini Mkhristu ayambe ndi mbali yake. Lole ikhale yokonzedwa isananyamuke. Deuteronomo 22:8 analamula womanga nyumba kutchinga tsindwi lake kuti munthu asagwe, mlandu wa mwazi ungakhale pa nyumbayo. Mabuleki ndi matayala ndiwo mpanda umenewo. Malipiro afike pa tsiku lake. Asapatse dalaivala nthawi yosatheka, pakuti wouzidwa kuti afike mawa pa ulendo wa masiku awiri adzathamanga ndi kuodzera, ndipo mlandu wake udzakhala wa onse awiri. Aphunzitse wantchito watsopano, ayende naye ulendo woyamba ngati nkotheka. Ife aphunzitsi tikudziwa kuti sitilanga mwana pa chimene sitinamuphunzitse.

Cholakwa chikaoneka, amuitane pa yekha monga Ambuye anaphunzitsa pa Mateyu 18:15, osati kumukalipira pa gulu la anzake. Amumve. Ngakhale lamulo la dziko lathu, Employment Act ya chaka cha 2000, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, ndi kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Nkomvetsa manyazi kuti Mkhristu achite kukumbutsidwa ndi khoti chimene Baibulo lake linamuuza kale.

Koma pasakhale wina woganiza kuti chikhristu ndiko kulekerera. Dalaivala amene wachenjezedwa, nachenjezedwanso, koma akupitiriza kumwa mowa pa ulendo kapena kutsika mapiri wopanda giya, ayenera kulandidwa makiyi. Kumkhululukira mumtima ndi chinthu china, kumpatsanso lole ndi chinanso. Ndaonapo mwini akusunga woyendetsa woopsa chifukwa ndi mphwake, poopa mau a kumudzi. Chifundo chotere chimalipiridwa ndi anthu ena osalakwa a m'mbali mwa msewu. Amchotse mwa dongosolo, amlipire zake zonse, ndipo wina akadzafunsa za iye anene zoona, osaonjezera ndiponso osabisa.

Ndipo wabwino amuyamike. Eni malole ambiri amadziwa dzina la dalaivala pa tsiku la ngozi lokha. Amene matayala ake amakhalitsa, amene lole yake siigona ku galaja, amupatse kanthu ndi kumuuza chifukwa chake, anzake akumva.

MULU WA MIYALA

Nkhani ya Yakobo ndi Labani inathera pa mulu wa miyala. Malowo anawatcha Mizipa, ndiko kunena malo olonderapo, pakuti Labani anapempha kuti Yehova ndiye aziwayang'anira awiriwo pamene sakuonana (vesi 49). Akhristu ambiri amatenga vesi ili ngati dalitso la abwenzi potsazikana. Koma mukaliwerenga m'malo mwake, ndi mau a anthu awiri osakhulupirirana, amene akuitana Mulungu akhale mlonda chifukwa maso ao safika.

Masiku ano eni malole ambiri amaika kachipangizo kamene kamaonetsa pa foni kapena pa kompyuta pamene lole ili, liwiro lake, ndi pamene yaima. Ena amaikanso koyeza mafuta m'thanki. Ine sindikutsutsa ai. Kamateteza chuma, ndipo kamatetezanso dalaivala wosalakwa akamanamiziridwa. Koma kachipangizo kamaona lole yokha. Sikaona ngati dalaivala anasolola kachitsulo ka oyilo m'mawa, ndipo sikaonanso ngati bwana analipira pa tsiku lake. Pa Akolose 3:22 mpaka 4:1 Paulo analankhula ndi onse awiri m'kalata imodzi: antchito asagwire pongofuna kuonedwa, ndipo mabwana akumbukire kuti nawonso ali ndi Mbuye kumwamba. Ngati nthawi ilipo, mwana mmodzi awerenge mavesi amenewa mokweza.

KAPHUNZITSIDWE KAKE

Uzani ana awiri kapena atatu abwere ndi malole ao a mawaya kapena a dothi. Yambani ndi kufunsa kuti, "Ndani anabwereketsapo galimoto yake kwa mnzake? Inabwera ili bwanji?" Mudzamva madandaulo ambiri, ndipo asiyeni alankhule pang'ono, koma osatchula maina. Kenaka tembenuzani funso: "Nanga iwe, unabwerekapo chinthu nkuchibweza choonongeka?" Apa kalasi imakhala chete. Musafulumire kudzaza cheteyo.

Fotokozani za lole mwachidule, mphindi zisanu zokha. Zambiri zimene ndalemba pamwambapa ndi zoti inu mudziwe, si zoti muwakhuthulire zonse. Nthawi yaikulu ikhale pa Genesis 31. Pa Eksodo 22, gawani ana m'magulu atatu, gulu lililonse lichite kasewero: mbusa amene nkhosa yake yajiwa ndi fisi, amene yabedwa iye ali m'tulo, ndi amene yangofa yokha. Kalasi igamule, kenaka muwerenge chigamulo cha Baibulo.

Vesi loloweza mulilembe pa bolodi kuchokera m'Baibulo lanu, ndipo muzifufuta mau amodziamodzi ana akubwereza. Okulirapo awerengenso mpaka vesi 12 la Luka 16, pomwe Ambuye akunena za chinthu cha mwini.

MAFUNSO

1. Kodi Yakobo anagwira ntchito kwa Labani zaka zingati, ndipo malipiro ake anasinthidwa kangati?
2. Choweta chikajiwa ndi chilombo, wosunga ankayenera kuchita chiyani monga mwa Eksodo 22:13? Nanga Labani ankachita chiyani?
3. Bwana akachedwetsa malipiro, kodi wantchito angagulitse mafuta a m'lole? Nanga achite chiyani?
4. Tchulani zinthu za eni zimene zili m'manja mwanu sabata ino, kunyumba, kusukulu ndi kutchalitchi.

Funso lachitatu lidzagawa kalasi, ndipo ena adzaikira kumbuyo dalaivala mwamphamvu, mwina chifukwa cha zimene aona kunyumba. Musawadzudzule. Vomerezani kuti bwanayo walakwa, kenaka bwererani nawo kwa Yakobo. Auzeninso kuti pali njira zoyenera: kulankhula ndi bwana, kutenga mboni, kupita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lao, kapena kusiya ntchitoyo.

NTCHITO YA SABATA INO

Mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi cha mwini chimene ali nacho, kaya buku la sukulu, khasu, njinga ya atate, kapena mbuzi zimene amaweta. Ngati ndi chobwereka chimene chakhalitsa, akachibweze. Ngati anachiononga nkubisa, akaulule kwa mwini wake. Nanunso aphunzitsi yang'anani m'nyumba mwanu ngati mulibe buku la nyimbo la mpingo, kapena benchi imene inabwerekedwa pa ukwati nkuiwalika.

PEMPHERO

Mupempherere madalaivala amene ali pa msewu lero, amene akudikira pa zipata, ndi mabanja ao. Mupempherere eni magalimoto kuti alipire mwachilungamo ndi kuweruza mofatsa. Ngati m'kalasi muli mwana amene atate ake ali pa ulendo, mufunseni pambali kalasi isanayambe ngati angakonde kuti muwatchule m'pemphero.

Sabata la mawa muyambe ndi kufunsa amene abweza zinthu, ndipo mukonzekere 2 Mafumu 6:1-7, nkhani ya nkhwangwa yobwereka imene inagwera m'madzi a Yordano.